LINGA LA HARLECH NDI MAKWERERO ACE A KU NYANJA

Makolo athu anali kulidziwa bwino linga. Pa masiku a nkhondo za Angoni midzi yambiri ya Acewa inazingidwa ndi mipanda ya mitengo ikuluikulu, ina ndi makoma a dothi, ndipo dzuwa likapendeka anthu anali kulowetsa mbuzi ndi ana m'kati, natseka cipata. Lero malinga amenewo saonekanso bwino. Ciswe cinadya mitengo, mvula inakokolola dothi, ndipo pamalo pena pangotsala kamtumbira kozungulira pakati pa minda. Koma ku Ulaya anthu anamanga malinga ao ndi miyala, cifukwa cace ambiri akali ciimire kufikira lero lino. Ena a inu munaona nyumba ya alendo ya ku Lundazi, ija ya nsanja zozungulira, imene bwana wa boma anamangitsa ca m'ma 1950 potsanzira malinga a ku Ulaya. Imeneyo ndi nyumba yogonamo alendo cabe, siinaonepo nkhondo. Koma m'phunziro lino tidzaceza pa linga lenileni, limene linazingidwa ndi adani kasanu, ndipo tidzaona cinthu cimene cinali kulisunga koposa makoma ace.

Dziko la mapiri ndi nkhosa

Tsegulani mapu a Ulaya, mupeze cisumbu ca Britain. Kumadzulo kwa dziko la Mangalande kuli dziko laling'ono lochedwa Wales, limene eni ace amalicha Cymru. Dera la kumpoto ca kumadzulo kwa dzikolo ndilo Gwynedd, ndipo ndiko tiri kupita. Ndi dera la mapiri ndi midzi ing'onoing'ono. Phiri lalitali koposa onse ndi Yr Wyddfa, limene Angerezi amati Snowdon; kutalika kwace ndi mamita 1,085. Mvula imagwa mwezi uli wonse wa caka, nthaka ndi yamiyala, ndipo anthu ambiri a kumidzi amaweta nkhosa. Malire a mabusa ao amawamanga ndi miyala yongosanjikiza, yopanda dothi kapena simenti, ndipo makoma amenewa amakwera mapiri ngati njoka zazitali. Anthuwa ali ndi cinenero caocao, cosiyana kutali ndi Cingerezi, ndipo ana a sukulu a ku Gwynedd amaphunzira m'cinenero cimeneco monga momwe inu muwerengera buku lino m'Cinyanja.

Njanji ya kumeneko imayenda m'mbali mwa nyanja yamcere. Tiyeni tiyerekeze kuti takwera sitima, ndipo tatsika pa siteshoni yaing'ono ya Harlech. Tikakweza maso tiona thanthwe lalikulu, lotalika ngati mamita 60, ndi pamwamba pace linga la miyala yotuwa, lokhala ndi nsanja yozungulira pa ngodya iri yonse. Mudzi uli pamwamba pomwepo, kuseri kwa linga, ndipo kuti tikafikeko tiyenera kutuluka thukuta. Umodzi wa misewu yokwera kumeneko ndi wa citunda coopsa, kotero kuti m'caka ca 2019 unalembedwa kuti ndiwo uposa misewu yonse ya pa dziko lapansi, ngakhale caka cotsatira ulemu umenewo unabwerera ku msewu wina wa ku New Zealand.

Mfumu yacilendo

Linga limeneli sanamange ndi anthu a ku Wales ai. Anamangitsa ndi Edward Woyamba, mfumu ya ku Mangalande, kuti awagonjetse nalo. Pa masiku amenewo dera la Gwynedd linali ndi mfumu yaceyace, dzina lace Llywelyn ap Gruffudd. Mau akuti "ap" atanthauza "mwana wa". Llywelyn anaphedwa pa nkhondo m'mwezi wa December 1282, ndipo mng'ono wace Dafydd anagwidwa naphedwa caka cotsatira. Edward anadziwa kuti kupha mfumu si kupha mtima wa anthu ace. Cotero analamula kuti amange malinga a miyala kuzungulira mapiri a Gwynedd: ku Conwy, ku Caernarfon, ku Harlech, ndipo pambuyo pace ku Beaumaris.

Nchito ya pa Harlech inayamba m'caka ca 1283 nitha m'caka ca 1289. Woyang'anira anali mmisiri wochuka, James wa ku St George, amene anacokera ku Savoy, dziko la mapiri la pakati pa France, Switzerland ndi Italy. Alembi a mfumu anali kulemba malipiro onse pa zikopa za nkhosa, ndipo zikopazo zikali zosungidwa ku London. Ndizo zitiuza kuti m'caka ca 1286 panali omanga 227, oswa miyala 115, osula zitsulo 30, amisiri a matabwa 22, ndi anchito wamba 546. Ambiri a iwo anacita kuwasonkhanitsa ku midzi yakutali ya ku Mangalande, ena mosafuna. Ndalama zimene zinapita pa linga ili lokha zinali mapaundi 8,190, cuma cambiri zedi pa masikuwo, pamene munthu wokumba dothi anali kulandira makobiri owerengeka pa tsiku.

Poyandikira, yang'anitsitsani makoma a nsanja. Mudzaona timabowo tating'ono tondandalika mokwera, kuzungulira nsanja ngati cingwe cokulunga mtengo. M'timabowo timeneti amisiri anali kulowetsa mitengo, nayala matabwa pamwamba pace, kuti pakhale njira yokwezera miyala ndi njereza. Umenewu unali mwambo wa omanga a ku Savoy. Mitengoyo inaola kalekale, koma timabowo tikali kuonetsa mmene anthu aja anali kukwerera ndi akatundu ao.

Kulowa pa cipata

Lero mlendo amagula tikiti, naoloka pa ulalo watsopano wa zitsulo, nalowa mosabvuta. Koma tiyeni tiganize kuti ndife adani, tabwera ndi mikondo zaka 700 zapitazo.

Kumpoto ndi kumadzulo sitingakwere, pakuti kuli phompho. Kum'mawa ndi kumwera, kumene nthaka iri yolingana ndi linga, amisiri anasema ngalande yakuya m'thanthwe lenilenilo. Ulalo wa pa ngalandeyo unali wonyamuka: alonda akaona adani anali kuukoka ndi maunyolo, nuimirira. Tikaoloka ngalande tipeza khoma lalifupi. Kuseri kwa khoma lalifupilo kuli khoma lina lalitali, kotero kuti asilikali a pa makoma onse awiri akhoza kutiponyera mibvi nthawi imodzi, a pamwamba kuponya mopitirira mitu ya anzao.

Tinene kuti tapulumuka zonsezi, tafika pa nyumba ya cipata. Pano ndi pamene nzeru za James zinaonekera koposa. Njira yolowera ndi yopapatiza ndi yamdima, pakati pa nsanja ziwiri zazikulu. M'njiramo munali zitseko zolemera za matabwa, ndiponso zitseko zitatu za mtundu wina, zopangidwa ndi mitengo yopingasa yokhomera zitsulo, zimene zinali kutsika kucokera pamwamba. Mnyamata ali yense amene anacherapo diwa la mbewa adzamvetsa msanga. Adani akalowa, citseko cimodzi cinali kugwa patsogolo pao, cina pambuyo pao, ndipo iwo anali kutsala pakati. M'makoma a m'mbali muli timipata toponyera mibvi, ndipo kudenga kunali mabowo ogwetsera miyala. Zitsekozo kulibe tsopano, koma mukapapasa khoma ndi dzanja mudzapeza mizere yakuya imene zinali kutsetserekamo.

M'kati muli bwalo la udzu wobiriwira. M'mbali mwace muoneka maziko a nyumba zimene zinalipo: cipinda cacikulu codyeramo, khicini, nyumba yoocheramo mkate, nkhokwe ya tirigu, ndi kacalici kakang'ono. Panalinso citsime. Tikakwera makwerero opapatiza ozungulira a m'nsanja, tifika pamwamba pa khoma, pamene pali njira yoyendamo alonda. Mphepo ya pamenepo ndi yamphamvu, gwirani zipewa zanu. Kumpoto tiona mapiri a Yr Wyddfa, ndipo kutsidya kwa nyanja tiona kalinga kena pa culu ca thanthwe. Kameneko ndi Criccieth.

Kodi muganiza kuti linga lotere linali ndi asilikali angati? Ana ambiri amayankha kuti cikwi. Koma m'caka ca 1284 munaikidwa anthu 36 okha, ndipo pakati pao panali mkulu wa linga, amuna 30 olonda, amene 10 a iwo anali a mauta, ndiponso wansembe, wosula, mmisiri wa matabwa ndi womanga. Kapena kalasi lanu liposa pamenepo. Linga linamangidwa mwa njira yakuti anthu owerengeka akhoze kuletsa khamu lalikulu. Ndiponso pali cifukwa cina cimene mfumu sinafunire asilikali ambiri: munthu ali yense wa m'linga ndi kamwa yofuna kudya.

Makwerero a ku nyanja

Tsopano tafika pa cinthu cimene alendo othamanga amacipitirira. Kumadzulo kwa linga, ku mbali ya phompho, kuli kanjira ka makwerero opitirira 100, kotsika m'mbali mwa thanthwe kufikira pansi. Kanjirako kali ndi khoma lokachinjiriza, ndi cipata pamwamba, ndi cipata cina pansi. Pa masiku a Edward madzi a nyanja anali kufika pafupi ndi tsinde la thanthwe, ndipo ngalawa zinali kukoceza pamenepo ndi tirigu, nyama yothira mcere, nsomba zouma ndi mibvi.

Mdani wanzeru salimbana ndi khoma la miyala. Amangokhala pansi kuzungulira linga, natseka njira zonse, nayembekeza kuti nkhokwe za m'kati zithe. Kumeneku ndiko kuzinga. Makolo athu anakudziwanso. Mudzi wa m'linga unali kulimba pokhapokha ngati uli ndi madzi ndi cimanga. Edward anali mlendo m'dziko la eni. Anadziwa kuti alimi a m'mapiri sadzamgulitsa cakudya pa tsiku la nkhondo, ndi kuti ngolo zace zikadzera m'mipata ya mapiri zidzalandidwa. Koma zombo anali nazo zambiri, kuposa anthu a ku Wales. Cifukwa cace pafupifupi malinga ace onse anawaika pamene ngalawa ingafike. Ku Rhuddlan, kumene linga liri kutali pang'ono ndi nyanja, analemba anthu ambiri kuti akumbe ndi kuongola mtsinje wa Clwyd, kuti zombo zilowe.

Kuti timvetse bwino, tiyenera kuonanso malinga a eni dziko. M'kati mwa mapiri, pafupi ndi mudzi wa Llanberis, pali nsanja imodzi yozungulira pambali pa nyanja yaing'ono. Dzina lace Dolbadarn. Anaimanga ndi Llywelyn Wamkulu, agogo ace a Llywelyn uja anaphedwa, zaka ngati 50 linga la Harlech lisanamangidwe. Kwina m'mapiri momwemo kuli inzace, Dolwyddelan. Malinga awa ndi ang'ono, ndipo ali kutali ndi nyanja yamcere. Nchito yao inali kulonda mipata ya mapiri ndi mabusa a ng'ombe, pakuti ng'ombe ndizo zinali cuma ca mafumuwo. Eni ace sanafune makwerero a ku nyanja, popeza cakudya cao cinali kucokera kwa anthu ao omwe. Si kuti mafumu a ku Wales sanamange pa nyanja konse. Criccieth uja tinamuona kutsidya anamuyamba ndi Llywelyn Wamkulu yemweyo. Koma mukayenda m'dera lonse mudzaona kusiyana kumeneku: malinga ambiri a eni dziko ayang'ana ku mapiri, ndipo a mlendo atsamira nyanja.

Nzeru ya Edward inayesedwa msanga. M'caka ca 1294 anthu a ku Wales anaukira, motsogozedwa ndi Madog ap Llywelyn, cifukwa ca misonkho yolemera ndi kutengedwa kwa anyamata ao kunka ku nkhondo ya ku France. Analanda Caernarfon, pakuti makoma ace anali asanathe. Edward mwini, atabwera ndi nkhondo, analandidwa ngolo za cakudya pa njira, natsekeredwa m'linga la Conwy kwa kanthawi. Harlech anazingidwa nyengo yonse ya cisanu, m'kati muli amuna osafika 40. Koma zombo zinabwera kucokera ku Ireland, akatundu anakwera pa makwerero aja, ndipo linga silinagwe.

Masiku a Owain Glyndŵr

Patapita zaka zoposa 100 panabuka munthu amene anthu a ku Wales samuiwala kufikira lero, Owain Glyndŵr. Anali mwini minda wolemera, wa mbumba ya mafumu akale, ndipo pa unyamata wace anamenyerapo nkhondo mfumu ya ku Mangalande. Nkhani inayamba ndi mkangano wa malire pakati pa iye ndi mnansi wace Mngerezi, Lord Grey wa ku Ruthin. Poona kuti mlandu wace sumveka ku London, anthu ace anamlonga ufumu wa Wales m'mwezi wa September 1400, ndipo moto unafalikira dziko lonse.

Nthawi imeneyi zinthu zinatembenuka. Owain anali ndi abwenzi, ndiwo anthu a ku France, ndipo zombo zao zinali kuyendayenda pa nyanja ija. Cakudya sicinali kufikanso pa makwerero monga kale. Asilikali a m'linga anali ocepa, zida zao zosakwanira. Njala ndi matenda zinawafoketsa, ena nathawa. M'caka ca 1404 Harlech anagwa m'manja mwa Owain, makoma ace ali ciimire.

Cotero linga limene linamangidwa kuti lipondereze anthu a ku Wales linasanduka likulu la mfumu yao. Owain anabweretsamo mkazi wace Margaret, ana ndi adzukulu. M'caka ca 1405 anaitanira komweko msonkhano wa akuluakulu a dziko. Caka cotsatira analembera kalata mfumu ya ku France, ali pa mudzi wa Pennal, nafotokozamo zimene anali kufunira dziko lace. Cimodzi ca izo cinali cakuti m'Wales mukhale mayunivesite awiri, ina kumpoto, ina kumwera, kuti ana a dzikolo asamapite kwa eni kukafuna maphunziro. Nkoyenera kukumbukira kuti munthu ameneyu anali kuganiza za sukulu nkhondo iri m'kati.

Koma thandizo la ku France linatha, ndipo nyanja inabwerera m'manja mwa Angerezi. M'caka ca 1408 asilikali a mwana wa mfumu, amene pambuyo pace anakhala Henry Wacisanu, anazinga Harlech. Anabwera ndi cida catsopano, mizinga ya wonga yoponya mipira ya miyala. Mizingayo inaononga mbali zina za khoma lakunja, koma lam'kati silinagwe. Cimene cinagwira nchito ndi njala yomwe ija. Mkulu wa linga anali Edmund Mortimer, Mngerezi amene Owain anamgwira pa nkhondo m'caka ca 1402, koma pambuyo pace anakwatira Catrin, mwana wa Owain, nakhala mkamwini wokhulupirika. Iye anafera m'lingamo. Kuciyambi kwa caka ca 1409 otsalawo anagonja. Margaret, Catrin ndi ana anatengedwa kunka ku ndende ya Tower of London, ndipo Catrin ndi ana ace akazi anafera komweko m'caka ca 1413.

Owain mwini sanagwidwe. Analowa m'mapiri, ndipo ngakhale panali mphotho kwa womuulula, palibe mbusa kapena mlimi amene anampereka. M'caka ca 1415 mfumu inalonjeza kumkhululukira, koma iye sanabwere kudzalandira cikhululukirocho. Manda ace sadziwika.

Harlech anazingidwanso kawiri. Pa nkhondo ya mabanja awiri olimbirana ufumu wa Mangalande, Lancaster ndi York, asilikali a Lancaster analimbikira m'lingamo zaka 7, pothandizidwa ndi njira ya pa nyanja, kufikira anagonja m'mwezi wa August 1468. Pa nkhondo ina, ya pakati pa Mfumu Charles Woyamba ndi Nyumba ya Malamulo, Harlech ndilo linali linga lotsiriza la mfumu kugonja. Amuna 44 anatuluka pa cipata m'mwezi wa March 1647. Pambuyo pace opambanawo analiononga pang'ono kuti lisagwirenso nchito ya nkhondo, ndipo anthu a pamudzi anatolako miyala namangira nyumba zao.

Nyanja inacoka

Lero linga liri m'manja mwa bungwe la boma la Wales lochedwa Cadw, mau amene m'cinenero cao atanthauza "kusunga". M'caka ca 1986 bungwe la UNESCO linaika Harlech, Conwy, Caernarfon ndi Beaumaris m'gulu la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Zikwangwani zofotokozera alendo zalembedwa m'zinenero ziwiri, ca eni dziko ndi Cingerezi, ndipo pamwamba pa nsanja imakupiza mbendera ya Wales, ya cinjoka cofiira.

Tisanacoke, tiyeni tiime pamwamba pa makwerero aja, tiyang'ane pansi pamene ngalawa zinali kukoceza. Madzi palibe. Pa zaka mazana ambiri mafunde ndi mphepo zinaunjika mcenga ndi matope patsogolo pa thanthwe, ndipo nyanja inafutuka pang'onopang'ono, kotero kuti tsopano iri pa mtunda wa ngati kilomita imodzi. Pamene panali madzi pali dambo lodyetsa nkhosa, nyumba za anthu, bwalo la masewera a gofu, ndi zitunda za mcenga zomera udzu. Siteshoni ija tinatsikirapo iri pafupi ndi pamene amalinyero a ku Ireland anali kutula matumba a tirigu, ndipo tifulumire kutsika, pakuti sitima za pa njanji imeneyi sizibwera pafupipafupi.

Mafunso

1. Onkhetsani anchito onse amene anali pa Harlech m'caka ca 1286. Kodi gulu lalikulu koposa linali la ayani?
2. Fotokozani m'mau anuanu cimene cikanacitikira mdani wolowa m'njira ya pa cipata.
3. Cifukwa ninji linga silinagwe m'caka ca 1294, koma linagwa m'caka ca 1404?
4. Kodi malo a Dolbadarn asiyana bwanji ndi malo a Harlech? Kusiyanako kutiuza ciani za eni ace?
5. Funsani akuluakulu a kwanu ngati pafupi ndi mudzi wanu panali linga. Anthu a m'kati anali kutunga kuti madzi? Lembani zimene akuuzani.